Kuphunzira luso lojambula marikisho a ku Dhaka: poyambira ndi njira yake

Rikisho ndi njinga ya mateyala atatu. Wopalasa amakhala kutsogolo, kumbuyo kuli mpando wa anthu awiri, ndipo pamwamba pa mpandowo pali kadenga kopinda koteteza ku dzuwa ndi mvula. Mumzinda wa Dhaka, likulu la dziko la Bangladesh, marikisho anayamba kuyenda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo pofika m'ma 1950 eni ake anali atayamba kupikisana powakongoletsa. Pansi pa mpando, pakati pa mateyala awiri akumbuyo, pamakhomedwa lata lopingasa, lalitali m'mbali koma lalifupi msinkhu. Lata limeneli ndiye munda wa wojambula. Mu Disembala 2023, pamsonkhano umene unachitikira ku Kasane m'dziko la Botswana, bungwe la UNESCO linaika marikisho a ku Dhaka pamodzi ndi zojambula zake pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Musanagule ngakhale burashi imodzi, gwirani mfundo iyi chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepa: chithunzi cha parikisho sachijambulira khoma. Amachijambulira munthu amene ali kumbuyo pamsewu, pafumbi, pautsi, pamene rikishoyo ikugwedera ndi kukhota. Ali ndi kamphindi kochepa koti achione. Ngati sichimukoka maso m'kamphindi kameneko, ntchito yalephera, kaya munaikhalira masiku angati.

Yambani ndi maso

Masabata oyamba musapente chilichonse. Penyani. Ngati muli ku Dhaka, pitani ku Bangshal, dera la mzinda wakale kumene kumagulitsidwa zipangizo za njinga ndi marikisho, mukaone malata atsopano asanadye fumbi. Kenako muone akale amene ali pamsewu, mudziwe mitundu imene imafwifwa msanga ndi imene imapirira. Ngati muli kutali, sonkhanitsani zithunzi zambiri za pa intaneti, ndipo funafunani mayina a akatswiri monga R. K. Das, mmodzi mwa oyambirira, Alauddin Ahmed ndi Syed Ahmed Hossain. Nyumba yosungira zaluso ya Fukuoka Asian Art Museum ku Japan inasunga ntchito za mtundu umenewu, ndipo mu 1988 zojambula za parikisho zinaonetsedwa ku nyumba ya zionetsero ya Museum of Mankind mumzinda wa London.

Mukamapenya, dzifunseni mafunso a mmisiri, osati a mlendo. Kodi anayamba ndi mtundu uti? Mzere wakuda waikidwa pati, ndipo wasiyidwa pati? Duwa ili burashi inagunda kangati? Mudzaona kuti zinthu zimabwerezedwa: pikoko, mbalame ziwiri zoyang'anizana, duwa la shapla lomwe ndi kakombo wa m'madzi komanso duwa la dziko la Bangladesh, kambuku wamizeremizere wa ku Bengal, chinyumba chotchuka cha ku India chotchedwa Taj Mahal, mizikiti, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje ndi bwato, mzinda wa m'maloto wodzaza ndege ndi nyumba zosanja, ndi nkhope za akatswiri a mafilimu.

Zimenezi zili ndi mbiri, ndipo muiphunzire. Dziko litapeza ufulu mu 1971, malata ambiri anasonyeza nkhondo yomenyera ufuluwo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kujambula anthu pamarikisho kunaletsedwa kwa kanthawi, ndiye ojambula anapeza pothawira: anayamba kujambula nyama zikuchita za anthu, mkango ukulamulira magalimoto pamsewu, nyama zili paukwati kapena pabwalo la milandu. Chiletso chinatha koma nyamazo zinakhala. Mukaona kambuku atavala yunifolomu, dziwani kuti kumbuyo kwake kuli nkhani imeneyi.

Pezani ustad

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Lusoli lilibe sukulu ya mabenchi ndi satifiketi. Limachoka m'manja kupita m'manja. Katswiri amatchedwa ustad, wophunzira amatchedwa shagred, ndipo ambiri mwa akatswiri a lero analowa m'kashopu ka ustad ali ana, ena kwa bambo awo enieni kapena kwa amalume.

Musiyanitse anthu atatu kuti musagogode pakhomo lolakwika. Mistri ndi mmisiri amene amamanga rikisho yonse. Malik ndi mwini wake, amene nthawi zambiri amakhala ndi marikisho ambiri m'galaja ndipo amawabwereketsa kwa opalasa pa ndalama ya tsiku. Wojambula ndi wachitatu, ndipo kawirikawiri ntchito imamupeza kudzera kwa mistri kapena kwa ogulitsa zipangizo. Palinso amisiri ena odula ndi kusoka mapulasitiki ndi chikopa chopanga chotchedwa rexine pokongoletsa kadenga, ntchito imene amayi amagwiranso. Ndi luso lina lapadera, la sizasi ndi makina osokera. Lanu ndi la burashi.

Popita kwa ustad, musapite ngati wodzagula chinsinsi. Perekani moni, kwa Msilamu "Assalamu alaikum", kwa Mhindu "Nomoshkar". Chibengali, chinenero cha ku Bangladesh, chili ndi mawu aulemu monga mmene ife timasiyanitsira "iwe" ndi "inu": munthu wamkulu mumamutchula "apni", osati "tumi". Chilichonse mumapereka ndi kulandira ndi dzanja lamanja. Akakupatsani tiyi, imwani. Gulani ntchito yawo imodzi pamtengo umene anena, osanenerera mpaka kuwakhumudwitsa. Kenako nenani poyera chimene mukufuna, nthawi imene muli nayo, ndi ndalama imene mungapereke pa maphunziro. Anthu awa akhala akuona alendo akubwera ndi kamera, kujambula chilichonse, kenako kukapanga ndalama kutali osatchula ngakhale dzina lawo. Musakhale mmodzi wa amenewo.

Ndipo mukalandiridwa, musadabwe mukapatsidwa tsache. Wophunzira amasesa, amatsuka maburashi, amapala malata, amapaka penti woyamba, amakatenga tiyi. Ena amaona ngati ndi kutaya nthawi. Ine ndimaona kuti ndi m'menemo mmene munthu amadziwira penti: kulemera kwake pa burashi, fungo lake akayamba kuuma, mmene amasinthira kunja kukachita chinyezi. Amene watsuka burashi ya ustad kwa miyezi itatu amadziwa mmene ustadyo amaigwirira, chifukwa burashi imapindikira kumene dzanja limaikankhira.

Ngati simungathe kufika ku Dhaka, funani wojambula wa kumeneko amene angakuphunzitseni pa foni ya kanema, ndipo muzimulipira. Sizifanana ndi kukhala naye pansi limodzi, koma zimaposa kukopera zithunzi muli nokha popanda wokuuzani kuti apa mwalakwitsa.

Zipangizo

Sizambiri, ndipo sizodula. Lata losalala, osati lamizere la padenga. Sizasi yodulira lata ndi tupa wosalazira m'mphepete. Sandipepa. Penti wamafuta wonyezimira wotchedwa enamel, yemweyo amene amapaka zitseko zachitsulo, m'tizitini ting'onoting'ono: woyera, wakuda, wofiira, wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira. Pinki, olenji ndi pepo mudzasakaniza nokha. Tapentaini wosungunulira penti, palafini wotsukira maburashi, nsanza, choko ndi pensulo. Maburashi atatu kapena anayi akukwana: yotakata ya penti woyamba, yafulati yapakati, yozungulira, ndi yosongoka yaubweya wautali yokokera mizere.

Gwirani ntchito pamalo opita mphepo. Penti ameneyu ndi tapentaini zimapweteka mutu ndi chifuwa. Werengani pachitini ngati alibe mtovu, musadye ndi manja apenti, ndipo nsanza zonyowa mafuta muziziyanika panja, osaziunjika pakona, chifukwa zimatha kuyaka zokha.

Konzani lata

Dulani, salazani m'mphepete, palani ndi sandipepa mpaka dzimbiri lonse lichoke, ndipo pukutani mafuta onse ndi nsanza ya tapentaini. Pakani penti woteteza ku dzimbiri, auume. Pakaninso woyera, mopyapyala, ndipo musiye usiku wonse. Choyera chapansichi ndi chimene chimayatsa mitundu yapamwamba. Mukathamangira kupenta pa lata losauma bwino, penti amakwinyika ngati khungu la nkhalamba, ndipo palibe chokonza kupatula kupala ndi kuyambiranso.

Phunzitsani dzanja

Musayambe ndi nkhope. Yambani ndi mzere. Tengani lata lakale, viikani burashi yosongoka mu penti wakuda wosungunula pang'ono, mukoke mzere kuchokera kumanzere mpaka kumanja osaimitsa dzanja. Pukutani ndi nsanza, mubwerezenso. Kenako mizere yokhota, yozungulira, yoyamba yonenepa nkuthera yopyapyala. Tsamiritsani chala chaching'ono pa lata kuti dzanja lisanjenjemere, ndipo mzere wautali uzichokera paphewa, osati pa zala.

Mzere ukayamba kumvera, pitani pa tsamba la duwa. Njira yake ndi yokoma kuiona: mbali imodzi ya burashi yafulati mumaiviika mu penti wofiira, mbali inayo mu woyera, kenako mumadinikiza, kupotoza pang'ono ndi kunyamula. Kugunda kumodzi, tsamba limodzi, lofiira kutsinde ndi loyera kunsonga. Masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, duwa latha. Poyamba zidzatuluka ngati matope apinki. Vuto nthawi zambiri limakhala penti wochuluka pa burashi kapena kubwerezabwereza pamalo amodzi. Enamel sakonda kusisitidwa. Mukagunda, chokanipo.

Pentani maluwa mazanamazana. Sindikukokomeza. Duwa ndi limene limadzaza m'mphepete mwa lata, kumbuyo kwa mpando ndi m'mbali mwa rikisho, ndipo ndi ntchito yoyamba imene ustad adzakulolani kugwira pa katundu wa kasitomala. Pambuyo pa maluwa pamabwera mbalame, kenako pikoko ndi maso a pamchira wake, kenako nyama, nyumba ndi malo.

Jambulani lata lathunthu

Lembani chithunzi ndi choko kapena pensulo, mopepuka. Chinthu chachikulu chikhale pakati, ndipo chikhale chachikuludi. Ojambula marikisho amakonda kuti mbali ziwiri zifanane: pikoko uku, pikoko uko, Taj Mahal pakati. Za kukula kwenikweni kwa zinthu musavutike nazo. Duwa likhoza kuposa nyumba, nkhope ikhoza kudzaza theka la thambo. Chofunika kwambiri ndiye chimakula.

Yambirani kumbuyo kubwera kutsogolo. Thambo poyamba, ndipo penti adakali wonyowa sakanizani malire a mitundu kuti buluu alowerere mu pinki, pinki mu chikasu. Kenako madzi, mitengo ndi nthaka. Kenako dzazani zinthu zikuluzikulu ndi mtundu umodzi umodzi. Zikagwira pang'ono, ikani mthunzi ndi mtundu wakuderapo wa banja lomwelo, osati wakuda. Kenako mizere. Pomaliza penipeni, timadontho toyera: m'diso, pamlomo, pamadzi, pansonga ya tsamba. Timadontho timeneti ndi timene timadzutsa chithunzi, ndipo wophunzira aliyense amafuna kutiika msanga. Dikirani.

Mitundu musaiope. Chofiira chikhale chofiiradi, ndipo chigundane ndi chobiriwira. Amene anaphunzira kujambula kusukulu amavutika pano, chifukwa anazolowera kuziziritsa mitundu ndi kusiya malo opuma. Parikisho malo opanda kanthu ndi malo otayika, ndipo mtundu wozizira fumbi limaumeza sabata imodzi.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu motere: imikani lata pansi, pamsinkhu wa mawondo, mubwerere mmbuyo mapazi khumi ndi asanu, mutembenuke, muliyang'ane kamodzi ndi kuyang'ana kumbali. Mwaona chiyani? Ngati simungathe kunena, kulitsani chinthu chapakati ndipo limbitsani mizere.

Nkhope

Iyi ndiye ntchito ya pamapeto, ndipo ena amatha zaka asanaloledwe kuigwira. Kajambulidwe kake ndi kapachibale ndi ka zikwangwani zikuluzikulu zolengeza mafilimu zimene kale zinkapentedwa pamanja ku Dhaka. Maso aakulu, nsidze zakuda bii, milomo yofiira, masaya apinki, mthunzi wabuluu kapena wobiriwira pachibwano. Khungu silikhala la mtundu weniweni wa munthu, limakhala la mtundu wa mtima wake: ngwazi yofiira ndi ukali, mkazi wowala, chigawenga chobiriwira kapena chapepo. Komabe munthuyo azindikirike. Wopalasa rikisho amawadziwa bwino akatswiri ake a mafilimu, ndipo mukaphonya mphuno adzakuuzani pomwepo.

Samalani ndi zachipembedzo. Buraq, chamoyo chamapiko chimene Asilamu amakhulupirira kuti chinanyamula Mtumiki Muhammad paulendo wa usiku, chimajambulidwa kawirikawiri, koma Mtumiki mwini sajambulidwa konse. Eni marikisho ena safuna nkhope ya munthu aliyense, amafuna maluwa, mbalame ndi mzikiti basi. Funsani musanayambe.

Zilembo

Lata silitha popanda mawu. Pamalembedwa dzina la mwini galaja kapena la mistri, nthawi zina dera lake, ndi mawu achidule monga "Mayer doa", kutanthauza dalitso la mayi. Pakona wojambula amasaina dzina lake. Choncho muyenera kuphunzira zilembo za Chibengali, ngakhale chinenerocho musanachidziwe bwino. Zimalembedwa kuchokera kumanzere, ndipo zambiri zimalendewera ku mzere wapamwamba wotchedwa matra, ngati zovala pachingwe. Yambani mwalemba mzerewo ndi choko kuti mawu asapendeke. Manambala awo akhoza kukupusitsani: chimene chimaoneka ngati 8 ndi 4, ndipo chooneka ngati 9 ndi 7. Mawu aliwonse muonetse kaye munthu wodziwa kuwerenga Chibengali musanawapake penti. Kulakwitsa dzina la mwini rikisho ndi manyazi amene amayenda mzinda wonse.

Liwiro

Pamsika wa marikisho malipiro a lata limodzi ndi ochepa, ndiye katswiri sapenta limodzilimodzi. Amayala malata angapo pamzere, nkupaka thambo pa onse, kenako chobiriwira pa onse, kenako chofiira, kotero kuti akamafika kumapeto loyamba lija lagwira. Phunzirani kugwira ntchito chomwechi. Liwiroli si kuthamanga kwa munthu wosasamala ayi. Ndi limene limapatsa zojambulazi mzere wolimba mtima umene anthu amaukonda. Dzanja lokayika limaoneka pa lata. Kumbukiraninso nyengo: kuyambira Juni mpaka Seputembala ku Dhaka kumagwa mvula yambiri, penti amachedwa kuuma, ndipo lonjezo la mawa limasanduka la mkuja. Lonjezani mogwirizana ndi thambo.

Kudya nalo lusoli

Pano ndinene zoona zokhazokha. Ntchito ya pamsewu yachepa. Timagalimoto ta mateyala atatu totchedwa baby taxi, timene tinkapatsa ojambula ntchito yambiri, tinachotsedwa mu Dhaka pofika kumayambiriro kwa 2003 chifukwa cha utsi, ndipo tobiriwira toyendera gasi timene tinalowa m'malo mwake sitipentedwa motero. Zithunzi zosindikiza pa kompyuta zimatsika mtengo kuposa za pamanja, ndipo eni marikisho ambiri anatembenukira kumeneko. Akatswiri ena anasiya, ena ana awo anakana kulowa ntchitoyi.

Amene atsala apeza njira zina, ndipo inunso muzidziwe. Amapenta maketulo, matileyi, timabokosi, mipando, magalasi a dzuwa, zikuto za mafoni, nyali, makoma a malesitilanti ndi malata opachika m'nyumba. Zinthu zimenezi zimayenda pa zionetsero, makamaka nyengo ya Pohela Boishakh, chaka chatsopano cha Chibengali chimene chimakondwereredwa pa 14 Epulo, komanso kwa alendo ndi pa Facebook. Dziko lenilenilo limanyadira marikisho ake: potsegulira mpikisano wa dziko lonse wa masewero a kiriketi mu 2011 ku Dhaka, atsogoleri a matimu analowa m'bwalo atakwera marikisho okongoletsedwa.

Powerengera mtengo, phatikizani lata, penti, maola anu ndi katundu amene adzaonongeke. Jambulani ntchito iliyonse ndi foni musanaipereke. Chinthu chogwiritsa ntchito kukhitchini muchipente kunja kokha, kutali ndi chakudya ndi moto, ndipo muuze wogula kuti asachikweche ndi waya.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Pogulitsa, nenani kumene lusoli linachokera ndi amene anakuphunzitsani. Chithunzi cha ustad wina musachikopere ndi kusainapo dzina lanu. Oda ikakukulirani, gawanani ndi amene anakuphunzitsani, pamtengo wabwino. Ndipo ngakhale maketulo atakupatsani ndalama yochuluka chotani, pezani mpata chaka chilichonse wopenta malata enieni oti akakhomedwe parikisho. Ketulo imakhala pashelefu pamene munthu angaiyang'ane mofatsa, ndipo dzanja lozolowera shelefu limayamba kuchepetsa zinthu ndi kuziziritsa mitundu osadziwa.

Kusaina dzina

Musathamangire kusaina. Mwambo wake ndi woti wophunzira amagwira ntchito pansi pa dzina la ustad mpaka ustadyo ataona kuti wapsa. Tsiku limenelo likafika, pemphani chilolezo ndi dalitso musanatsegule malo anuanu, ndipo makasitomala ake musawakokere kwanu. Kalembedwe ka dzina lanu mu Chibengali kakhale kochepa, pakona yakumunsi, ndi burashi yosongoka ija. Lata likauma, lipititseni nokha kwa mistri, muime pomwepo akamalikhoma, ndipo rikisho ikanyamuka muitsatire pambuyo mpaka pamphambano yoyamba, muone ngati pikoko wanu akuonekabe pakati pa marikisho ena.